Ana athu adziwe vumbwe ndi njuzi akadali aang'ono

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za ana athu ndi amphaka akuthengo. Masiku apitawa kuno ku Chilomoni, m'munsi mwa phiri la Michiru, ndinapeza tianyamata titazungulira kanyama kotuwa, kamizere m'miyendo ndi kumchira, komwe tinakagenda ndi malegeni mpaka kufa. Nditafunsa dzina lake, wina anati ndi mwana wa kambuku, wina anati ndi mphaka wa afiti, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anadziwa kuti ameneyo anali vumbwe. Komatu ana omwewa amatchula bwinobwino nyama za ku India zimene amazionera pa kanema.

Sindikunena kuti vumbwe salakwa, pakuti ineyo anandithera anapiye chaka china pamene khola langa linali ndi mpata kunsi. Koma chakudya chake cha tsiku ndi tsiku ndi mbewa ndi makoswe, omwe amatiwonongera chimanga kumunda ndi m'nkhokwe. Njuzi nayonso, ija ya miyendo italiitali ndi makutu akuluakulu, imamva mbewa ikuyenda mu udzu ngakhale isakuiona, kenako imadumpha m'mwamba n'kuitsikira ndi zikhadabo. Mwana akauzidwa zimenezi ali Sitandade 2 kapena 3, n'kuonetsedwanso kuti nkhuku zimatetezeka ndi khola lam'mwamba lotsekedwa bwino madzulo, sadzathamangira legeni akaona mchira ukulowa pathengo. Paja amati kuongola mtengo n'poyamba.

Chizindikiro cha dziko lathu chili ndi mkango mbali ina ndi kambuku mbali inayo, koma mikango inali itatheratu ku Majete chifukwa cha alenje osaka mozemba ndi misampha. Bungwe la African Parks litayamba kuyang'anira nkhalangoyi mu 2003, linabweretsanso akambuku mu 2011 ndi mikango mu 2012 kuchokera ku South Africa, ndipo akakwiyo, omwe ambiri amangowatchula kuti cheetah, anafika mu 2019, patapita zaka ziwiri atabwezeretsedwa ku Liwonde. Taganizani, zina mwa nyama zimene agogo athu ankaimba nazo nthano zinachita kubwera pa ndege! Majete ili ku Chikwawa, ulendo wopita m'mawa n'kubwerako tsiku lomwelo, ndipo Amalawi amalipira zochepa pachipata kusiyana ndi alendo akunja, komabe ana ambiri a mu Ndirande, Bangwe ndi Chilomoni amamaliza pulayimale asanaponde kumeneko.

Pempho langa likupita kwa aphunzitsi akuluakulu ndi makomiti a makolo. Makalabu a zachilengedwe amene bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi limalimbikitsa m'masukulu asamangokhala a ana akuluakulu okha, ndipo maphunziro ake azichitika m'Chichewa kuti mayina monga njuzi ndi vumbwe asatayike. Kumene ndalama ya basi yavuta, Michiru ndi pafupi, ndipo alonda a nkhalango angathe kuonetsa ana mapazi a nyama pamatope, ndowe zake, ndiponso msampha wa waya kuti aone okha mmene umamangira mwendo. Sukulu ya kwathu ikakonza ulendo wotere teremu ikubwerayi, ine ndiperekeza anawo ndipo ndisonkhako ya mafuta.

Kholo lokhudzidwa,
Chilomoni, Blantyre