Ophunzira a ukachenjede aziphunzitsidwanso kuugwira mtima

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za achinyamata amene akuchoka m'sukulu za ukachenjede n'kudzapatsidwa udindo woyang'anira antchito m'minda ya tiyi kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje. Ndakhala kalaliki wa pa sikelo kwa zaka zambiri, ndipo ndikuchitira umboni kuti za nthaka, feteleza ndi mawerengero amazidziwa bwino. Chimene ambiri akusowa ndi luso lozindikira kuti mtima wawo wayamba kupsa, kuugwira usanawalankhulitse zoipa, komanso kumvetsa chimene chikusautsa munthu amene waima patsogolo pawo.

Tsiku lina mu Januwale, nyengo imene tiyi amaphuka kwambiri chifukwa cha mvula, mayi ena achikulire anafika pa sikelo ndi dengu losadzaza, masamba anthete atasakanikirana ndi okhwima. Manijala wachinyamata anawalalatira m'Chingerezi pamaso pa gulu lonse osafunsa n'komwe chimene chachitika. Mayiwo sanayankhe, anangopukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje n'kubwerera m'munda. Kapitawo ndiye anakanong'oneza bwanayo kuti mayiwo anachezera kuchipatala ndi mdzukulu wodwala malungo. Sabata yonseyo othyola anagwira ntchito monyinyirika, ndipo makilogalamu amene ndinkalemba m'buku anatsika, pakuti fupa lokakamiza silichedwa kuswa mphika.

Akatswiri a ku America a za maganizo a munthu, Peter Salovey ndi John Mayer, analongosola lusoli m'chaka cha 1990, ndipo wolemba mabuku Daniel Goleman analitchukitsa mu 1995 potsindika kuti munthu angathe kuliphunzira. Kwa ife si zachilendo, chifukwa makolo athu ankaziphunzitsa monga mbali ya umunthu, koma mwana amene wakulira m'sukulu zogonera komweko mpaka kutenga digiri sakhala ndi nthawi yokwanira yoziona kwa akuluakulu.

Pempho langa likupita kwa sukulu zonse za ukachenjede, kuphatikizapo MUST ya ku Ndata imene inatsegulidwa mu 2014 kwathu konkuno. Potumiza ophunzira kukazolowera ntchito, aziwapatsa masabata angapo oyenda ndi makapitawo okhwima nzeru, kuti aone mmene amaitanira munthu wolakwa pambali, kumulonjera, kumufunsa za kunyumba, kenako n'kumudzudzula m'chiyankhulo chimene amamva. Nawonso eni minda, polemba lipoti la wophunzirayo, azinenapo za mmene ankayankhulira ndi othyola tiyi.

Wowerenga wanu,
Luchenza, Thyolo