Nkhani ya Hurr isamayambire m'mawa wa Ashura

Akonzi,

Muharram, mwezi woyamba wa chaka cha Chisilamu, akafika, olalikira ena muno mu Lilongwe amatchula Hurr ibn Yazid al-Riyahi ngati ngwazi imene inasiya adani n'kukafera kumbali ya Imam Husayn, mdzukulu wa Mtumiki Muhammad. N'zoona, koma amadumpha masiku amene Hurr anali kumbali yolakwa, chonsecho nkhani yagona pamenepo.

M'chaka cha 680, bwanamkubwa wa mzinda wa Kufa ku Iraq, Ubayd Allah ibn Ziyad, anatuma Hurr ndi asilikali apakavalo pafupifupi 1,000 kuti akatchinge njira ya Husayn, amene anali pa ulendo wopita ku Kufako. Anakumana pa Dhu Husam, asilikaliwo atalema ndi ludzu. Husayn analamula kuti amwetsedwe madzi, anthu ndi akavalo omwe. Nthawi ya swala itakwana, Hurr ndi anthu ake anaswali kumbuyo kwa Husayn. Ataonetsedwa matumba a makalata amene anthu a ku Kufa analemba pomuitana Husayn, Hurr anati iye sanali mmodzi wa olembawo, wangotumidwa. Ngakhale pamene mawu anafika potentha, anakana kutchula moipa mayi a Husayn, Fatima, mwana wa Mtumiki. Ulemu wonsewo anali nawo, koma njira sanatsegule.

Apa ndi pamene panalakwika. Hurr anayesa kukondweretsa mbali zonse ziwiri: anagwirizana ndi Husayn kuti adzere njira yosapita ku Kufa kapena ku Madina, poganiza kuti akuluakulu apeza yankho iye asanadetse manja. Kenaka kalata ya Ibn Ziyad inafika yoti awaimitse poyera, popanda linga kapena madzi. Anamvera. Pa 2 Muharram anawaimitsa pa Karbala, ndipo ulamuliro unachoka m'manja mwake Umar ibn Sa'd, mkulu wina wankhondo wotumidwa ndi Ibn Ziyad, atafika ndi asilikali 4,000. Pa 7 Muharram njira yopita ku mtsinje wa Euphrates inatsekedwa, ana omwe n'kuyamba kugona ndi ludzu.

Pa 10 Muharram, tsiku lotchedwa Ashura, Hurr anafunsa Ibn Sa'd ngati akufunadi kumenyana ndi Husayn. Atamva kuti inde, anayamba kunjenjemera, mnzake n'kudabwa kuona msilikali wodziwika kulimba mtima ali chomwecho. Hurr anamuuza kuti akudziona ali pakati pa Jannah (paradizo) ndi moto. Anathamangitsa kavalo wake kupita kwa Husayn, amene anali ndi amuna 70 ndi owerengeka chabe, navomera kuti ndiye anamutsekera njira, nafunsa ngati kulapa kwake kungalandiridwe. Husayn anamulandira, ndipo Hurr anaphedwa tsiku lomwelo.

Kulapa kumeneko n'kwakukulu ndipo sitikukuchepetsa, pakuti anachoka kwa opambana kupita kumene imfa inali yoonekeratu. Komabe madzi akatayika sawoleka. Pa Dhu Husam anali ndi mphamvu yopulumutsa Husayn ndi banja lake. Pa Ashura anatsala ndi moyo wake wokha woti apereke.

Nkhaniyi si ya Asilamu a Chishia okha. Mumzinda uno, momwe ambiri amadya za m'maofesi, mawu akuti "ndangotumidwa ndi abwana" timawamva tsiku ndi tsiku, kwa wosaina chikalata chimene akudziwa kuti n'chabodza, kwa wapolisi wopatsidwa lamulo lopweteka osalakwa. Tikupempha mashehe ndi aphunzitsi a madrasa kuti pofotokoza za Hurr aziyambira pa Dhu Husam, ana amve bwino tsiku limene akanatha kukana lamulo, asilikali 1,000 aja akadali pansi pake.

Owerenga anu,
Area 25, Lilongwe