Kalata yotseguka kwa Wapampando wa bodi ya kopaletivi yathu ya magetsi kuno ku America

Bambo Wapampando,

Landirani moni, ndipo mundikhululukire kuti moni wake ndi waufupi. Ino ndi kalata yachinayi. Zitatu zija ndinazitumiza mwakachetechete ku ofesi yanu, foni ndinaimba kangapo, koma chomwe ndinalandira ndi pepala losindikiziratu londithokoza pokhala "membala wokhulupirika". Lero ndalemba poyera kuti mamembala anzanga awerenge nawo. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Apongozi anga aakazi ali ndi zaka 81. Mapapo awo anafooka kalekale, ndipo amapuma mothandizidwa ndi makina a okosijeni omwe amalira usana ndi usiku pambali pa mpando wawo. Makinawa sasunga mpweya ngati silinda. Amakoka mpweya wa m'chipinda momwemo, n'kuusefa, n'kuutumiza m'kapaipi kolowa m'mphuno, choncho magetsi akangothima nawonso amaima nthawi yomweyo. Lachiwiri lina mu Januwale, cham'ma 10 koloko m'mawa, kunja madzi ataundana, kopaletivi yathu inawadulira magetsi. Sipanabwere galimoto, panalibe wogogoda pakhomo. Masiku ano mita imadulidwa munthu ali khale mu ofesi.

Anali okha m'nyumba. Silinda yapadera inalipo pakona, koma imatsegulidwa ndi kasipanala, ndipo zala zawo zinapindika ndi nyamakazi. Foni yawo ndi ija yopanda chingwe, yomwe imafa magetsi akathima. Chotenthetsera m'nyumba chinazima, pampu ya pachitsime nayo zii. Ine ndinafika 1 koloko itangodutsa, mwamwayi chabe, chifukwa ndinkawabweretsera mankhwala. Kaalamu ka makina aja ndinakamva ndikadali panja. Ndinawapeza atakhala pansi, atatsamira khoma, kapaipi kali m'mphuno, kasipanala kali m'manja, milomo itatuwa. Kunditchula dzina kunawakanika. Anangondilozera silinda ija ndi chibwano. Nditawaveka kachipangizo koyezera mpweya pachala, kanawerenga 79, pamene adokotala anatiuza kuti kasamatsike pa 90. Ambulansi inatenga mphindi 40 kuti ifike, ndipo anagona m'chipatala masiku anayi.

Ngongole yomwe anawadulira magetsi inali $186. Chenjezo munatumiza ku imelo ya malemu amuna awo, omwe tinawaika m'manda chaka chatha, ndipo inu, Bambo, pa maliro aja munalipo, munandigwira chanza. Fomu ya dokotala yotsimikiza kuti m'nyumbamo muli munthu wodalira makina tinapereka zaka ziwiri zapitazo. Ku ofesi anandiuza kuti fomuyo imatha mphamvu pakapita miyezi 12, koma palibe anatikumbutsa kuti tibweretse ina. Mayi amene anandilandira pa kauntala anali waulemu, misozi inalengeza m'maso mwake pamene ndinkamufotokozera, ndiye iye ndilibe naye mlandu. Anangoti, "Ndi kompyuta imadula yokha, bambo." Kenaka anandilipiritsa $75 yolumikiziranso. Kale ankabwera kudzadula ndi mnyamata wokwera mapolo. Akanafika pakhomo, akanamva makina aja akulira, ndipo ndikuwadziwa anyamata amenewo: akanatembenuza galimoto n'kubwerera.

Chomwe chimandilanda tulo ndi china. M'diloo ya apongozi muli kalata yanu yomwe, ya chidindo cha kopaletivi, yonena kuti pa dzina la malemu pali $2,340 za zimene mumazitcha capital credits. Kwa amene sanazitsate: kopaletivi sipanga phindu ngati kampani. Chaka chikatha, ndalama zotsala pa zimene tinalipira zimalembedwa pa dzina la membala aliyense molingana ndi magetsi amene anagula. Bodi imayamba yazigwiritsa ntchito pogula mapolo ndi mathiransifoma, n'kudzazibweza kwa eni ake patapita zaka, kawirikawiri 20 kapena 30. Ndiye kuti tsiku lomwe munkadula magetsi chifukwa cha $186, inuyo munali mutasunga ndalama za banja lomwelo zoposa pamenepo kakhumi ndi kawiri. Makopaletivi ambiri amabweza msanga ndalama zotere membala akamwalira, ngakhale mochotserako pang'ono. Ife tinapempha mu Juni, mpaka lero akuti bodi sinakambirane. Tandiuzani, Bambo, pakati pa mayi uja ndi kopaletivi, ali ndi ngongole kwa mnzake ndani?

Sindikulemba ngati mdani wa kopaletivi. M'nyumba momwemo, m'Baibulo la banja, muli kalisiti kachikale ka $5, ndalama yomwe agogo a mkazi wanga analipira polowa umembala waya asanafike n'komwe. Nthawi imeneyo, cha m'ma 1930, m'matauni a America nyumba 9 pa 10 zilizonse zinali ndi magetsi, pamene kumafamu inali imodzi yokha pa 10. Makampani ankati kukoka waya mtunda wautali chifukwa cha nyumba ziwiri n'kutaya ndalama. Pa 11 Meyi 1935 Pulezidenti Franklin Roosevelt anakhazikitsa Rural Electrification Administration, bungwe la boma lofikitsa magetsi kumidzi, chaka chotsatira lamulo lake linadutsa, boma n'kuyamba kubwereketsa ndalama. Koma ndalama zokha sizinaimike polo. Alimi ndi akazi awo ndi amene anayenda khomo ndi khomo kutolera madola asanuasanu, kunyengerera okayika, kupereka malo aulere m'minda mwawo kuti waya adutse. Pofika 1953, mafamu oposa 90 pa 100 alionse anali akuwala. Lero makopaletivi a magetsi alipo pafupifupi 900 m'zigawo 48, ndipo amatumikira anthu okwana 42 miliyoni pa malo oposa theka la dziko lino. Ntchito yonseyo anaiyamba ndi anthu amene makampani anawakana. N'chifukwa chake zimapweteka kuona kopaletivi yawo ikuchita zimene makampani aja akanachita.

Ndikudziwanso kuti mpando wanu si wofewa. Pa mailo imodzi ya waya, makopaletivi amakhala ndi makasitomala pafupifupi 8, pamene ogulitsa magetsi ena amakhala nawo oposa 30, koma mtengo wa polo ndi umodzimodzi. Magetsi sitipanga tokha, timagula kwa kopaletivi yaikulu pa mgwirizano wa zaka makumimakumi womwe inu munaupeza utasainidwa kale. Otibwereketsa ndalama, monga Rural Utilities Service, amafuna kuona kuti thumba lathu silili mbee. Zonsezo ndikuzimva. Ndipo chaka chija chimphepo cha madzi oundana chinagwetsa mawaya, ndinawaona ndi maso anga anyamata athu ali pamwamba pa mapolo 2 koloko usiku, limodzi ndi anzawo ochokera ku makopaletivi ena omwe anabwera kudzathandiza. Ndinawapititsira khofi, ndipo ndidzawapititsiranso. Kudandaula kwanga kuli m'chipinda chimene inu mumakhala.

Za apongozi si zokhazo ayi. Ndalama yokhazikika ya pamwezi, ija timalipira ngakhale tisayatse babu, mwaikweza kawiri m'zaka zitatu, ndipo imaluma kwambiri wa kanyumba kakang'ono kuposa wa chinyumba chachikulu. Misonkhano ya bodi imachitika chitseko chili chotseka. Ndinapempha zolembedwa za msonkhano umodzi wokha, anandiuza kuti ndilembe fomu yofotokoza chifukwa chake. Msonkhano waukulu wa pachaka mumauika Lachinayi m'mawa, anthu ali kuntchito, kutali ndi theka la mamembala, kenaka n'kumadandaula kuti anthu sabwera. Komiti yosankha oimira pa chisankho mumaisankha ndinu nomwe, nayo imabweretsa mayina anu omwewo, popanda wopikisana nawo. Wofuna kuima payekha mumamupatsa masabata awiri kuti atolere masiginecha. Mitengo yomwe yatsamira waya pa msewu wathu tinaichitira lipoti chilimwe chatha, ikadali chitsamirire. Malipiro a mamembala a bodi ndinachita kuwafufuza ndekha pa Form 990, pepala lomwe kopaletivi imapereka ku boma chifukwa chosalipira msonkho wa phindu, ndipo nditaona ndalama zake ndi maola ogwira ntchito pa sabata, ndinabwereza kuwerenga. M'magazini yanu ya mwezi ndi mwezi muli maphikidwe a zakudya ndi zithunzi za ana opambana mphoto, koma manambala amenewo simunawaikemo ndi kamodzi komwe.

Mukukumbukira msonkhano wa zaka zitatu zapitazo? Munaimirira kutsogolo, kumbuyo kwanu kuli chinsalu cha mfundo zisanu ndi ziwiri za makopaletivi, zomwe International Cooperative Alliance, bungwe la makopaletivi a dziko lonse lapansi, inazikonzanso ku Manchester mu 1995, zochokera kwa anthu amene anayambitsa kopaletivi ku Rochdale, ku England, mu 1844. Munawerenga mokweza ya chiwiri, yakuti kopaletivi imalamulidwa ndi mamembala, membala mmodzi voti imodzi. Munawerenganso ya chisanu ndi chiwiri, yosamala za anthu a m'dera. Kenaka munalonjeza zinthu zitatu: kuvota kudzera pa positi, kaundula wa odwala odalira magetsi yemwe "sadzaiwala munthu", ndi intaneti yothamanga kufika m'misewu yonse. Tinaomba m'manja, ine ndemwe. Intaneti ija inathera pa msewu waukulu, pomwe pali nyumba zatsopano. Za positi munati maloya akuziunikabe. Za kaundula, apongozi anga ndiwo mboni.

Mwina mumadzilimbitsa mtima kuti zili chonchi kulikonse. Zoonadi, lipoti la mu 2016 la bungwe lochita kafukufuku la Institute for Local Self-Reliance linasonyeza kuti m'makopaletivi oposa 70 pa 100 alionse, ovota sakwana 10 pa mamembala 100. Koma taganizani zomwe zimenezi zikutanthauza kwa ife. M'zigawo zambiri, kuphatikizapo chathu chino, bungwe la boma loona za mitengo ya magetsi sililowerera pa mitengo ya makopaletivi, ati chifukwa eni ake amadziyang'anira okha kudzera m'mavoti. Kusamukira kwa wogulitsa wina sitingathe, dera lino linapatsidwa kwa kopaletivi yokha. Ndiye boma likatisiya, kothawira kulibe, voti nayo n'kukhala yamwambo chabe, wokuletsani inu watsala ndani? Kasitomala wa kampani amakhala ndi kokasuma. Ife eni ake tatsala ndi fomu yofotokoza chifukwa chake tikufuna kuwerenga za nyumba yathu yomwe.

Sindikukuopsezani, Bambo, ndingokukumbutsani. Ku South Carolina, mu Ogasiti 2018, mamembala a Tri-County Electric Cooperative atamva za malipiro a bodi yawo anaitanitsa msonkhano wapadera. Anafika pafupifupi 1,500 Loweruka lina, n'kuchotsa onse amene anali atatsala pa bodi, ndipo chaka chotsatira chigawocho chinakhazikitsa lamulo lokakamiza makopaletivi kuchita zinthu poyera. Malamulo oyendetsera kopaletivi yathu nawo amalola mamembala kuitanitsa msonkhano wotero. Ndawawerenga tsopano, kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, ndili pa mpando wa m'chipatala. Sindikufuna tifike kumeneko. Ndinu munthu wamkulu, mwatumikira zaka zambiri, ndipo malemu ankakunenerani zabwino.

Chomwe ndikupempha ndi ichi. Pa msonkhano wa bodi wa mwezi uno, khazikitsani lamulo lakuti nyumba iliyonse yomwe inaperekapo fomu ya dokotala isadulidwe magetsi kuchokera ku ofesi, kaya fomuyo inatha mphamvu kapena ayi, mpaka munthu wa kopaletivi atafika pakhomo, n'kuonana ndi mwini nyumba maso ndi maso, n'kuimbiranso wachibale wolembedwa pa fomupo. Fufuzani sabata ino nyumba zina zonse zomwe mafomu awo anatha mwakachetechete ngati yathu, chifukwa sindikhulupirira kuti tili tokha. Ndalama za mamembala omwalira muzibweze kwa mabanja awo pasanathe masiku 90 chipemphere, ndipo ngati pali ngongole ya bilu, muziyamba mwachotsa pamenepo musanakhudze mita. Tsegulani chitseko cha misonkhano ya bodi, zolembedwa zake ndi malipiro anu muziike pa intaneti, ndipo chisankho chikubwerachi tivote pa positi monga munalonjezera.

$75 ija musavutike nayo, ndinalipira. Apongozi anatuluka m'chipatala, koma usiku sagona bwino, amadzuka n'kumakhudza makina aja kuti amve ngati akunjenjemera. Silinda tinaiikira chotsegulira chachikulu choti zala zawo zikwanitse. Pa tsiku la msonkhano wa bodi ndidzafika pa ofesi yanu nthawi isanakwane, ndi mamembala ena amene ayamba kale kundiimbira, ndipo ndidzatenga kalata ija ya $2,340 pamodzi ndi kalisiti ka $5. Muwauziretu a pakhomo kuti tikubwera.

Ine wanu,
Membala wa kopaletivi, mkamwini wa pa nyumba munaidulira magetsi ija