Mnyamata wa golovesi ya katoni

Mphwanga wokondedwa,

Amayi ako ananditumizira vidiyo pa WhatsApp ija ukugenda mango ndi anzako. Ndaionera kangapo konse. Dzanja lako silikuphonya ayi! Nditaona mmene unathotholera bango lapamwamba lija ndi mwala umodzi wokha, ndinati lero ndimuuze mwanayu za munthu amene ndimamukonda kwambiri pa masewera a baseball kuno ku America.

Mu baseball muli munthu mmodzi amene amaima pa kachulu pakati pa bwalo. Ntchito yake ndi kuponya kampira koyera, kolimba gwa, kofanana ndi lalanje kukula kwake. Kutsogolo kwake, pa mtunda wa mamita 18, pamaima mdani wake atagwira chibonga, kufuna kuumenya mpirawo kuti upite kutali. Akauphonya katatu, watuluka. Akatswiri oponya akhalapo ambiri. Nolan Ryan anatulutsa anthu mwa njira imeneyi ka 5,714. Satchel Paige anamukaniza kulowa mu ligi yaikulu zaka zambiri chifukwa anali munthu wakuda, analowa ali ndi zaka 42, ndipo mu 1965 anaponyabe ali ndi zaka 59, msinkhu wa agogo. Koma wanga wa pamtima ndi Mariano Rivera.

Rivera anakulira ku Puerto Caimito, mudzi wa asodzi m'dziko la Panama. Bambo ake anali ndi ntchito yapanyanja, kupha tinsomba tating'ono tonga usipa wa kwathu, ndipo iye atakula pang'ono ankapita nawo m'boti. Ndalama zogulira zoseweretsa kunalibe. Ndiye ukudziwa zimene ankachita ndi anzake? Ankatola zidutswa za ukonde wakutha, n'kuzikulunga, n'kumanga ndi tepi mpaka zikhale mpira. Chikulunga chenicheni, ngati chako chija cha majumbo! Chibonga chinali nthambi ya mtengo. Golovesi yowakhira mpira ankaipanga ndi katoni ya mkaka.

Mnyamata ameneyu anadzasewera mu timu ya New York Yankees kuyambira 1995 mpaka 2013, atavala nambala 42. Nthawi zambiri sankayamba nawo masewera. Ankakhala phee kudikira mpaka kumapeto, timu yake ikutsogola pang'ono, mitima ya anthu ili m'mwamba. Apo ndiye chitseko chinkatseguka, iye n'kumathamanga pang'onopang'ono kupita pa kachulu paja, nkhope ili bata ngati akupita kotunga madzi. Anateteza chipambano cha timu yake ka 652, ndipo palibe amene wamufika.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri n'chakuti anzake amakhala ndi kaponyedwe kosiyanasiyana kuti apusitse womenya, koma iye ankadalira kamodzi, kotchedwa cutter. Anakatulukira mwangozi mu 1997 akuponyerana mpira ndi mnzake, ndipo ankati ndi mphatso yochokera kwa Mulungu. Mpirawo unkabwera molunjika, pa liwiro la makilomita pafupifupi 150 pa ola, ndiye ukatsala pang'ono kufika n'kupatuka pang'ono chabe, mwadzidzidzi. Womenya ankadziwa bwino lomwe chimene chikubwera. Anthu onse m'bwalo ankadziwa. Koma akati amenye, mpira unkagunda poonda pa chibonga pafupi ndi manja, chibonga chija thyoo! Zinathyoka zambiri moti chaka chake chomaliza timu ya Minnesota Twins inamupatsa mphatso ya mpando wopangidwa ndi zibonga zothyoka.

Tsiku lake lotsanzika pa bwalo la Yankees ndinaonera pa TV nditangoweruka kuntchito. Anzake awiri akalekale, Derek Jeter ndi Andy Pettitte, ndi amene anapita kukamutenga pa kachulu paja. Munthu wosatekeseka uja anakumbatira Pettitte n'kulira ngati mwana. Inenso misozi inalengeza, mphwanga. Mu 2019, posankha olowa m'nyumba yokumbukira akatswiri ku Cooperstown, anthu onse 425 oponya voti anamuvomera. Zimenezi zinali zisanachitikepo.

Ndakugulira mpira weniweni wa baseball ndi kagolovesi ka msinkhu wako, ndibwera nazo pa Khirisimasi. Padakali pano jambula kabwalo ndi khala pa chipupa cha kuseri, kumene kulibe mawindo, uziponyapo chikulunga chako, ndidzaone ngati udzandipose. Undiperekere moni kwa amayi ako ndi agogo.

Ndine malume ako okukonda.