Chilengezo: Loweruka tikukaphunzira kudoko

Anzanga nonse a m'gulu lathu la ophunzira a m'mayunivesite ochokera kuno ku Mangochi,

Poti ambiri tabwera ku holide, Loweruka likudzali tikumane 9 koloko m'mawa pa chipilala cha wotchi, pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Tikachoka pamenepo tidzapita kudoko kukacheza ndi asodzi.

Nkhani yake ndi iyi: ambirife m'kalasi timangokopera manotsi ndi kuloweza, mayeso akatha zonse n'kuiwalika. Aphunzitsi akafunsa funso aliyense amazolika, ndipo zimenezi zimandidetsa nkhawa. Ndiye tiyeni tikadzionere tokha. Mutu wathu ndi kuchepa kwa chambo m'nyanja ya Malombe. A ku LUANAR, yunivesite ya zaulimi, mukafunse za maukonde a maso ang'onoang'ono, aja okokolola ndi tiana ta nsomba tomwe. A ku KUHeS, yunivesite ya zaumoyo, mukaone za likodzo pakati pa ana osamba mumtsinje wa Shire. A zachuma mukatsate mtengo wa nsomba kuchokera m'bwato mpaka kumsika. Masana gulu lililonse lidzafotokoza zomwe lapeza, enafe tizidzafunsa mafunso.

A chaka choyamba musachite manyazi, inu ndi amene tikukufunani kwambiri. Odziwa Chiyao mudzatithandize kulankhula ndi akuluakulu mwaulemu.

Tengani kope, cholembera ndi madzi akumwa. Amene mubwere mutidziwitse pofika Lachinayi kuti tikonze za mayendedwe.