Kalata kwa mwana wanga wa zisudzo

Mwana wanga,

Kuno tili bwino, amayi ako akupereka moni. Zandifika kuti masiku ano musanayambe kujambula timakanema tanu toseketsa, mumayamba mwagawana botolo, ati kuchotsa manyazi. Akutinso tsiku lija unadumpha kuchoka padenga la minibasi unali utalawako. Ngati ndi bodza undiuze, ndidzakondwa. Ngati ndi zoona, werenga mpaka kumapeto.

Buster Keaton ukumudziwa, katswiri wa mafilimu oseketsa wa nkhope yosamwetulira uja, amene unkamutsanzira pamphasa mpaka kung'amba kabudula wa sukulu. Iwe unkangoona kugwa kwake, sunaone mmene kunkakonzedwera. Anabadwa mu 1895 ku Kansas, ku America, ndipo anayamba kusewera pa siteji ndi makolo ake ali kamwana. Bambo ake, Joe Keaton, ankamunyamula n'kumuponya anthu akuseka. Kumsana kwa zovala zake anasokererako chogwirira cha sutikesi kuti dzanja lisaterereke. Mwanayo anaphunzira kugwa thupi lili lomasuka, osalimbitsa, dzanja kapena phazi n'kuyamba kugunda pansi. Zinkatheka chifukwa woponyayo ankayeza mphamvu yake. Joe atazama mu mowa, dzanja linasiya kuyeza, ndipo mu 1917 Buster anachoka n'kupita ku New York, kumene anayamba mafilimu ndi wanthabwala wina, Roscoe Arbuckle. Munthu anasiya kusewera ndi bambo ake omubala chifukwa cha mowa, iwe n'kumalola mnzako woledzera akugwirire makwerero!

Kumbukira khoma lija la mu Steamboat Bill, Jr., filimu ya 1928. Khoma lonse lakumaso kwa nyumba, lolemera pafupifupi matani awiri, linagwa Keaton ataima chilili, n'kupulumukira pa zenera lotsegula la m'mwamba. Sanachite kupusitsa ndi kamera. Khomalo analimangirira ndi mahinjesi m'munsi kuti lisapatuke pogwa, anayeza pamene zenera lidzafikire, n'kukhoma msomali pansi kusonyeza poima. Mpata pakati pa mapewa ake ndi feremu unali mainchesi ochepa chabe. Wolawako mowa amadzandira pang'ono ngakhale iye akudziona kuti waima nji. Kudzandira kumeneko kukanakwanira kumupha.

Ndiye ntchito yako uziigwira chonchi. Poima ndi pogwera palembeni ndi choko. Yeserani pang'onopang'ono kangapo kamera isanayatsidwe. Ikani matiresi awiri osanjikiza, mmodzi sakwanira pa simenti. Pogwa chagada chibwano chizikhala pachifuwa kuti nkhongo isagunde pansi. Wowerenga manambala opereka chizindikiro choyambira akhale mmodzi yekha, ndipo akhale woti sanalaweko. Mowa umachedwetsa maso ndi mapazi, komanso umabisa ululu. Pojambula filimu ya Sherlock Jr. mu 1924, madzi ochokera mu thanki ya sitima anamugwetsera Keaton pa njanji. Anadzuka n'kupitiriza ntchito, mutu ukumupweteka masiku angapo. Patapita zaka, dokotala atamuunika anapeza kuti khosi linathyoka tsiku lomwelo. Iwe ukagunda mutu, n'kumva chizungulire kapena kusanza, pita kuchipatala tsiku lomwelo, osati kubala.

Chimene chimandisowetsa tulo ndi ichi. Keaton khoma analipulumuka, njanji anaipulumuka, koma mowa womwe unawononga bambo ake unadzamugwiranso iye. Mu 1928 analowa kampani yaikulu ya mafilimu ya MGM, ngakhale anthabwala anzake Charlie Chaplin ndi Harold Lloyd anamuchenjeza. Kumeneko analibenso ufulu wopanga nthabwala zake mmene ankafunira, ndipo anayamba kumwa mosadziletsa. Mu 1932 banja lake ndi Natalie Talmadge linatha, ana ake aamuna awiri n'kusinthidwa dzina kukhala a Talmadge. Mu 1933 anamuchotsa ntchito. Amene ankalandira madola 3,000 pa sabata anadzabwerera ku kampani yomweyo kukalembera ena nthabwala pa madola 100 pa sabata. Inde anadzadzukanso, atakwatira Eleanor Norris mu 1940, ndipo mu 1960 anamupatsa mphoto yaulemu ya Oscar asanamwalire mu 1966. Koma zaka za mphamvu zake zinali zitapita.

Luso uli nalo mwanawe, sindikukunamiza. Pa ukwati wa mlongo wako agogo ako anaseka mpaka kugwetsa misozi, ndipo tsiku limenelo unali utamwa thobwa lokha. Manyazi amatha ndi kuyeserera, satha ndi botolo. Anzako akamakuseka kuti ndiwe wamantha, aleke aseke, khosi ndi lako. Ndikubwerezanso: usamwe tsiku lojambula, usamwe usiku woti mawa ukujambula, ndipo pepala lililonse la mgwirizano usalisaine uli pamowa.

Undiimbire Lamlungu m'mawa, ndikufuna ndimve kwa iwe mwini.

Ndine bambo ako.