Za makina ofupikitsa malipoti aja

Mnzanga,

Uthenga wako ndauona. Ukuti malipoti akuunjikira ku Leeds kumeneko ndiye wayamba kumupatsa ChatGPT kuti akufupikitsire. Iwe amene kusukulu unkabwereza samu pamanja utaiwona kale pa kalikuleta!

Usamangofunsa kuti lipoti la kalembera wa ku Malawi wa 2018 likuti chiyani usanaikemo lipotilo. Ukatero angathe kuyankha za m'mutu mwake, ndipo pomwe sakudziwa amapeka. Ikamo PDF yeniyeniyo. NotebookLM ya Google ndiyabwinoko pa ntchito imeneyi, chifukwa imayankha kuchokera pa zomwe waikamo, n'kuika timanambala tokulozera ndime yomwe yatengapo mfundo. Koma uyambe wayesa kukopera chiganizo chimodzi mu PDF-yo. Chikakanika kukopereka, nthawi zambiri tsambalo limakhala chithunzi chabe. Ulipititse kaye pa OCR, pulogalamu yosandutsa chithunzi cha malemba kukhala malemba okopereka, kenako uwone manambala ndi maso ako, poti 8 wosaoneka bwino amasanduka 3.

Lipoti lalitali uzilipereka chaputala chimodzichimodzi. Ukaliponya lonse, zapakati zimasowa. Umuuzenso kuti mfundo iliyonse ibwere ndi tsamba lake ndi mawu enieni a wolemba, chifukwa pomwe wolemba anati "mwina", makinawa amachotsa mwinayo n'kunena motsimikiza.

Chomwe chikundisowetsa mtendere ndi matebulo. Chiwerengero chonse cha anthu 17,563,749 sangachiphonye, chili paliponse. Koma m'matebulo a NSO, ofesi ya boma yoona za chiwerengero, Zomba boma ndi Zomba City ndi mizere iwiri yosiyana, Lilongwe ndi Blantyre chimodzimodzi. Akalumpha mzere umodzi, nambala ya mzinda yakhala ya boma lonse, ndipo chiganizocho chimawerengeka bwinobwino, sungakayike. Nambala imeneyo ilowa mu pepala lako, wina aikopera kwa iwe, mawa yafika mu pulani ya chipatala. Mu 2023 maloya ku New York analipitsidwa $5,000 chifukwa chopereka kukhoti zigamulo za milandu yakale zopekedwa ndi ChatGPT. Iwowo anali ndi ndalama zolipira. Iwe ukachotsedwa sukulu, amalume ako aja anagulitsa ng'ombe tidzawauza chiyani? Nambala iliyonse, tsegula tsambalo uloze ndi chala. Buku lililonse lomwe watchulirwa, ulifufuze pa Google Scholar, tsamba lofufuzirapo zolemba za kafukufuku, usanalilembe.

Mlamu wako wachira, ndi mwana wamkazi, onse ali bwino. Jekete ija sunatumizebe. Magetsi athima kuyambira m'mawa ndipo foni yatsala 3%, koma za mafunso omwe unajambula ndi anthu akumudzi aja, usawaike m'makinamo mayina asanachotsedwe, chifukwa